Achali wa a Nankhoma

Akuluanga a Nankhoma tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, ndipo ndisabise, ngakhale pamaliro pawo ndinawachitira nsanje. Tinali akazi a mwamuna mmodzi, malemu a Mwale, iwo mkazi wamkulu, ine wachiwiri. Anthu anabwera kuchokera ku Mtunthama, ena mpaka ku Boma, ndipo aliyense woimirira kuti alankhule ankayamba ndi za kupemphera kwawo n'kukathera pa achali. Mkulu wina wa mpingo, mano atatha kale m'kamwa, anachita kumeza malovu ali chiimire pambali pa bokosi. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe pamodzi ndi amayi ophika, poti mkazi wolowa mitala alibe malo pakati pa amayi ovala zoyera. Ndinkadzifunsa kuti tsiku langa likadzakwana, anthu amenewa adzameza malovu pokumbukira chiyani.

Ndinatengwa kubwera m'mudzi muno ndili namwali, zaka zoyamba za Chitaganya, chaka chimene fodya wa chikopa wa a Mwale anachita bwino. Amuna a kuno fodya akawakomera amayamba kuona ngati nyumba imodzi yawachepera. A Nankhoma sanali nkhalamba ayi, imvi zinali zisanayambe n'komwe. Anali aafupi, akuda bii, oyenda mofulumira ngati asiya kanthu pamoto. Mwana anali naye mmodzi yekha, amene anapita ku Joni n'kutchona. Sankakhala pansi chimanjamanja. M'manja mwawo munkakhala kampeni kotha ndi kunola mpaka kutsala ngati tsamba la nsungwi, ndipo ukamalankhula nawo maso awo ankakhala pa chimene akudulacho. Tsiku limene ndinafika anandiyang'ana kamodzi, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kundilozera kumene kuli chitsime.

Za achali anaziphunzira ku Boma. A Mwale ali ku Halale, ine ndisanadziwe n'kusinja komwe, iwo anakagwira ntchito yotsuka mbale kwa mkazi wa Mmwenye wina wa sitolo. Kumeneko ndiko anaona filiji, chibokosi choyera choyaka parafini kunsi koma m'kati mozizira ngati madzi a m'mamawa mwezi wa Juni. Nkhani ya chibokosi chimenechi ankaikambira mlendo aliyense, ine mpaka ndinkaidziwa pamene iti ipumire. Pochoka, mkazi uja anawapatsa chibotolo chagalasi, cha zija amaikamo maswiti m'sitolo, chakukamwa kwakukulu koti dzanja n'kulowa, ndi chotsekera chake chomwe. M'mudzi monse munalibe china chotero.

Filiji yawo anadzipangira okha. Pakhonde la mbali imene dzuwa silifika anakumba dzenje, anathiramo mchenga wa kumtsinje, n'kukwiriramo botolo lija mpaka m'khosi, pamwamba chiguduli chonyowa. M'mawa ndi madzulo ankathira madzi pamchengapo, kaya akudwala kaya kuli maliro. Ankati Mmwenye kuzizira amachita kugula ndi parafini, pamene iwo amangokatunga kuchitsime.

Ife tinkadziwa kufutsa basi, kuwiritsa nkhwani n'kuyanika padzuwa mpaka kuuma gwa. Iwo ankati mfutso ndi ndiwo yoikidwa m'manda, achali ndi ndiwo yogoneka tulo. Zonse zinkachokera kudimba kwawo kudambo: nkhaka zanthete, kabichi, karoti, zitheba, anyezi ndi tsabola wa kambuzi. Ankathyola mame asanaume, kutsuka, kuyala pa lichero pamthunzi kuti madzi akhe, kenaka kudula mopyapyala moti chidutswa cha nkhaka unkatha kuonera kuwala. Akatero ankawaza mchere wa mibulu wosinja, n'kuzisiya kuti zilire, monga ankanenera eni ake. Zikalira mokwanira ankafinya, kulongedza m'botolo, n'kuthira madzi owiritsa amene azizira, osakaniza ndi mandimu ambiri, njere za mpiru zokazinga ndi kachikasu pang'ono. Viniga ankati ngwa anthu opanda mtengo wa mandimu. Zikagonera mumchenga muja, nkhaka inkalira m'mano ngati yangothyoledwa kumene, ndipo kuwawasa kwake kunkamveka mpaka m'makutu. Sizinkakhalitsa ngati mfutso, mwezi usanathe zinayenera kudyedwa. Koma pabwalo pathu vuto loti zatsala silinaonekepo.

Botolo linali ndi malamulo ake. Linali ndi sipuni yakeyake yosomeka kudenga, ndipo wopisamo chala, kaya mwana kaya mlendo wovala nsapato, ankamva mawu oti sangawaiwale. Koma lamulo lalikulu linali la mchere.

Kwathu kuno mchere si chinthu chosewera nacho. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana mwana, kuopa kuti odyawo angadwale tsempho, kutsokomola ndi kutupa kuja. Akuluakulu amati munthu amene mphasa yake imagonedwa ndi awiri ndi wotentha, pamene mwana, nkhalamba kapena mkazi wogona yekha ndiye wozizira. A Nankhoma mwambo umenewu anaukulitsa. Ankati ndiwo za tsiku limodzi aliyense azithira kwake monga akudziwira, koma za m'botolo zimadyedwa ndi odwala, oyamwitsa ndi ana a nyumba zonse, choncho mchere wake uyenera kuchokera m'dzanja lozizira basi. Ndipo dzanja lozizira pabwalo pathu linali lawo.

Kutsuka nkhaka ndinkatsuka ine. Mchenga ndinkasenza ine kuchokera kumtsinje, mandimu ndinkafinya ine mpaka m'zikhadabo kuwawa. Koma ikafika nthawi ya mchere, mawu anali omwewo: "Naphiri, taimani uko kaye." Ndinkapita kukaima pansi pa mtengo wa gwafa ngati mwana wolakwa kusukulu, iwo atandifulatira. Mumtima ndinkati za tsemphozi n'zonamizira chabe, mayiyu akukaniza muyeso wa mchere kuti ndisadziwe, chifukwa akudziwa kuti ndikadziwa ine, iye watha.

Ndipo chimene ndinkalimbirana nawo sichinali nkhaka. Nyengo yofukiza fodya a Mwale ankachoka kuchigafa maso ali psuu ndi utsi, m'kamwa mowawa moti chakudya chilichonse ankati chikumveka phulusa. Ankadutsa pakhomo panga, pamene ndaphika nkhuku kapena nkhwani wotendera bwino, n'kukakhala pakhonde la a Nankhoma. Mbale zanga zinkawatsatira komweko. Ankadya ndithu nkhuku yangayo, koma akangoluma kachidutswa ka m'botolo ankatsinzina n'kunena kuti, "Nankhoma, dzanja lanuli!" Za nkhuku, zii. Mlendo akabwera, kaya mlangizi wa fodya kaya wachibale, ankamufikitsira pakhonde lomwelo. Awiriwo ankaseka nkhani za ku Halale ndi za anthu amene anafa ine ndisanabadwe, ine ndikutola mbale.

Usiku, inde, anali wanga. Ikakhala sabata yoti akagone kwa a Nankhoma, bambo ankanyamula bulangete poyera, amvekere ndikukalondera moto wa fodya. Bulangetelo linkagonadi kuchigafa, koma mwini wake ankazungulira kuseri kwa khola n'kudzagogoda kwa ine. Ndinkaseka chamumtima, ndikumati botolo laluza. Koma usiku suonedwa ndi anthu. Chimene mudzi unkaona ndi masana, ndipo masana onse anali a a Nankhoma. Zinkandiwawa kwambiri, ndinkafuna zonse ziwiri.

Chaka china ndinati ndipange wanga. Ndinatenga kamphika katsopano, ndinadula nkhaka ndi kabichi monga ndinkaonera, ndinaitana kamwana ka pa nyumba ina kudzathira mchere. Kenaka nzeru zinandibwerera. Kwathu ndiwo yopanda nsinjiro ndi ya munthu waulesi, ndiye ndinati apa ndi pamene ndiwaposere mayi aja, ndinathiramo nsinjiro zodzadza manja awiri. Ndinavindikira bwino n'kubisa pansi pa nkhokwe. Atapita masiku, ntchentche za m'mudzi monse zinasamukira pankhokwe yanga. A Nankhoma anazitsatira. Ndinawapeza atagwada, atavundukula, thovu lotuwa likusefukira, fungo loti galu n'kubwerera m'mbuyo. Sanaseke. Anavindikiranso mwaulemu ngati akutseka maso a maliro, n'kunena kuti, "Mtedzawu mukanapatsa nkhuku." Kwa bambo sanakanene, kwa amayi a kuchitsime sanakanene. Kundisungira manyazi kumeneko ndiye kunandipweteka koposa, bola akanandiseka tikanatukwanizana n'kuthana nazo.

Ndili ndi mimba yoyamba chakudya chilichonse chinkabwerera, ndinawonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. A Nankhoma m'mawa uliwonse ankabwera ndi kambale ka achali, kuika pakhomo panga, n'kubwerera. Ndinkadyera kuseri kwa chitseko, kunyambita ndi msuzi womwe, chifukwa n'chokhacho chimene chinkakhazikika m'mimba. Pobweza mbale ndinkati, "Akulu, mchere wachuluka." Iwo ankati, "Wachuluka eti? Mawa ndichepetsa." Mawa lake ankabweretsa chimodzimodzi. Mwana amene anabadwayo, Esinati, anamusambitsa ndi iwo, ndipo atangoyamba kuyenda miyendo yake inaloza pakhonde lija ngati ya bambo ake.

Tinkakangana, musaganize kuti ndinali wofatsa. Tinakangana za mandimu amene ndinatumiza kwa amayi anga osapempha, ndipo anakhala osandiyankhula mpaka mwezi wina kuoneka. Tinakangana za nthochi za kuseri kwa nyumba yawo, zimene zinkabereka mikoko yonenepa pamene zanga zinkangofota, ine ndikumati pali mankhwala. Tsiku lina nditapsa mtima ndinakuwa pabwalo kuti iwo mwamuna amamugwira ndi botolo, enafe timamugwira ndi ana. Sanasiye kudula anyezi. Anangoti, "Gwiritsitsani, mng'ono wanga."

Chakumapeto kwa zaka zimenezo, dziko lili pa mpungwepungwe wa Chitaganya, fodya anachitanso bwino. A Mwale anagula njinga, ndipo njingayo inaphunzira njira ya ku Simlemba. Mvula isanagwe, pakaliyala panabwera Nyachirwa, mtsikana wa khosi lalitali woyankha chilichonse ndi "yewo". Anamumangira nyumba kufupi ndi khola. Ine apo ndinali ndi ana atatu, ndipo ndinkati kamwana aka sikangandisunthe.

Nyengo yofukiza itafika, sabata yanga itakwana, ndinaona bambo akupinda bulangete. "Ndikukalondera moto," anatero, maso ali kumbali. Munthu wina akanatha kunamizidwa, koma osati ine amene njira ya kuseri kwa khola ndinkaidziwa. Fodya anauma, anasankhidwa, anapita kumsika, m'chigafa munayamba kugona mbuzi, koma bambo ankalonderabe moto. Sindinauze munthu. M'mamawa uliwonse wa sabata yanga ndinkaphitsa madzi osamba, kusenza poyera kupita nawo kubafa kuseri kwa nyumba yanga, kuti odutsa aziti mwamuna wagona momwemo. Akazizira ndinkawathira pa nthochi.

Tsiku limene sindiliiwala linali la m'chilimwe, kunja kutayamba kale kutentha. Tinali pakhonde la a Nankhoma, ndiwo zili pa lichero zoduladula, Nyachirwa akusinja chapafupi. Nditamaliza kufinya mandimu ndinadzuka kuti ndizipita pansi pa gwafa panga paja, osadikira kuuzidwa.

"Naphiri, mukupita kuti? Sambani m'manja mubwere kuno."

Ndinasamba. Anatenga chikho cha mchere, anatambasula dzanja langa, n'kuthiramo mpaka pamene iwo anaona kuti pakwana. Mtima wanga unadumpha ngati wa mwana wopatsidwa nsalu yatsopano. Zaka zonse zija ndikuimira patali, lero muyeso uli m'dzanja langa! Ndinati mayiyu wagonja, waona kuti ine ndine mkazi pano.

"Yambirani m'mphepete," anatero. "Musaunjike pakati."

Pamenepo ndinamva kuti munsi wasiya kulira. Nditacheuka ndinaona Nyachirwa ataima, munsi uli m'manja, akuyang'ana dzanja langa. Mwambo wa mchere ankaudziwa, aliyense pabwalopo ankaudziwa. Ndinayang'ananso mcherewo, ndipo unayamba kundiluma m'mabala a mandimu. Dzanja lothira mchere m'botolo ndi dzanja la mkazi wogona yekha.

"Akulu, wakuuzani ndani?"

"Kundiuza chiyani?"

"Musandiyese mwana, akulu."

Anaika kampeni kaja pansi. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chifikire changa m'mudzi muno.

"Palibe wandiuza. M'chigafa mukugona mbuzi, koma bambo akulonderabe moto. Madzi mumaphitsa m'mamawa aja ndimawaona kumene amathera. Lekani kutha nkhuni, mng'ono wanga." Kenaka anatsitsa mawu. "Inenso ndidaphitsa madzi otere, chaka chonse chimene mudabwera inu. Mumati nthochi zanga zili ndi mankhwala. Mankhwala ake ndi amenewo."

Ndinafuna kuwamwaza mcherewo kumaso. Akanangoyerekeza kutchula mwambi uja wa chaona mnzako, ndikanaterodi. Koma sanautchule. Anandigwira pamkono, n'kuliyendetsa dzanja langa pamwamba pa lichero.

"Wazani, nkhaka zikufota."

Ndinawaza, misozi ikugwera momwemo, iwo osanena kuti ichulukitsa mchere. Chinthu chimene ndinachisirira zaka zonse zija, kuchilota, kuwola nacho mtedza pansi pa nkhokwe, chinali chizindikiro cha mkazi wosiyidwa. Ndipo mayi amene ndinkati akundimana, nthawi yonseyo ankaima pakhonde pake kumvetsera mapazi akuzungulira kuseri kwa khola kupita kwa ine.

Nyachirwa anasendera pafupi, akupukuta manja pa chitenje. "Amama, nane ndithandizeko?"

Amene anayankha ndine. "Taimani uko kaye."

A Nankhoma anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo ndinazindikira kuti anali ndi mpata pakati pa mano, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Achali ameneyo atagonera, bambo anamulawa masana pakhonde paja, anatsinzina monga mwa masiku onse. "Nankhoma, dzanja lanuli!"

"Si langa ili," anatero a Nankhoma, akusomeka sipuni kudenga. "N'la Naphiri."

Bambo anasiya kutafuna. Anayang'ana m'mbale nthawi yaitali, ngati muli tsitsi. Kuyambira tsiku limenelo bulangete sanalinyamulenso, ankangopita kwa Nyachirwa podzera pabwalo.

Wina angaganize kuti nsanje yanga inathera pamenepo. Ayi ndithu, inangosintha pokhala. Tinapanga achali limodzi mpaka tonse kuchita imvi, mchere womwewo, mandimu a mtengo womwewo, koma m'mudzi palibe anatchulapo achali wa Naphiri. Nyachirwa anabwerera kwawo ku Simlemba bambo atayamba kudwaladwala, ndipo pa mphasa yawo yomaliza amene ankawaitana kuti akhale kumutu anali a Nankhoma, ine kumiyendo. Maso a akuluanga atachita khungu ndinkapanga ndekha zonse, kuyambira kudimba mpaka kumchenga. Iwo ankangoti ndiwapatse kachidutswa, kutafuna pang'onopang'ono ndi mano otsalawo, n'kunena kuti, "Naphiri, mchere wachuluka." Ine ndinkati, "Wachuluka eti? Mawa ndichepetsa." Ndipo alendo ankapitabe kwawo akuyamikira dzanja la a Nankhoma.

Lachiwiri lija, titafika kumanda, ndinaona kuti adzukulu akumba pambali penipeni pa a Mwale. Mbali inayo kuli chulu ndi chimtengo cha msuku, malo a munthu wina palibe. Ndinalira kwambiri pamenepo, amayi mpaka kundigwira, akumati taonani chikondi cha akazi a mitala. Chikondi chinalipo, sindikana. Koma ndinkaliranso china. Masana anali awo kuyambira kalekale, tsopano atenga ndi usiku womwe.

Botolo analitenga mwana wa mlongo wawo pogawa katundu wamasiye. Akuti ku Boma ali ndi filiji ya magetsi, ndiye ili azisungiramo shuga. Sindinalimbane naye, mkazi mnzake wa malemu alibe mawu pa katundu. Pakhonde paja patsala dzenje lokha, lozungulira bwino, m'mphepete mosalala monga botolo linasiyira. Sipuni ikadali kudenga, palibe anaiona. Nkhuku ina yayamba kuyesa kuikira mazira m'dzenjemo, ndimaithamangitsa. M'mawa uno ndinangozindikira ndathira kale madzi pamchengapo, chiguduli ndanyowetsa, nkhaka za kudimba zili pa lichero. Ndinaima pamenepo ndi mchere m'manja, dzanja lozizira lokhalo limene latsala pabwalo lino, kudikira munthu woti andiuze kuti wachuluka.